Bambo Anga pa Nsanja Yopendekera

Ndili ku Tuscany, m'dziko la Italy, ndi malemu bambo anga, aja ankamanga nyumba. Tikuyenda m'nyumba yosungiramo zinthu zakale, ndipo ziboliboli zoyera zamwala zikupuma pang'onopang'ono. Bambo akuvula jekete n'kufunditsa chimodzi. "Chikuzizidwa ichi," akutero.

Chitseko chikutseguka, tili kale ku Pisa, pansi pa nsanja yopendekera ija. Bambo akupukusa mutu. "Mwanawe, anamanga izi ndani? Gwira chingwechi tiiwongole. Usachitaye."

Akukwera masitepe akuimba mluzu, ine ndikukoka ndi mphamvu zanga zonse. Nsanja ikuwongoka, koma iwo sakutsikanso. Ndikukuwa, "Ababa, tsikani, yawongoka!" Akungondibayibitsa pamwambapo, akuseka.

Ndadzuka nditafumbata dzanja, mtima uli myaa ngati ndacheza nawodi.