Dzanja la Ababa

Dzanja lamanja la ababa linayamba kunjenjemera patangopita zaka zochepa matipate atabwera. Akakhala phee pakhonde, chala chachikulu chinkafikisa chinzake ngati akusankha nandolo. Kuyenda nako kunasanduka kokhwekhwereza mapazi. Kwathu ku Namitambo munthu akamanjenjemera m'mawa, matenda ake tonse timawadziwa: kachasu. Ndiye akulu a mpingo anakhala pansi, n'kuwaimitsa mgonero, munthu woti ngakhale thobwa logonetsa ankalikana. Ababa sanakangane nawo. Ankangofuna kapepala ka dokotala konena kuti awa ndi matenda, akaonetse kumpingo.

Chaka china kunabwera anthu akafukufuku pagalimoto yoyera, akufuna anthu onjenjemera. Mmodzi wa iwo anatifotokozera kuti akuganiza kuti ubongo umatupa mkati, ngati chala cholasidwa ndi minga, ndipo kutupako kumaononga pang'onopang'ono mbali imene imayendetsa manja ndi miyendo. Sanali otsimikiza ayi, ankafuna magazi pang'ono kuti akayeze. Za magazizo anthu anaopa, poti mphekesera za anamapopa zinali paliponse. Koma zitamveka kuti wolembedwa akulandira khadi ndi sopo, mantha onse anatha, mudzi wathunthu unadwala. Mayi wina amene dzulo lake ndinamuona akusinja mphale anafika akugwedezeka mpaka duku kugwa.

Ine ndinawaperekeza ababa. Panthawiyo n'kuti ndili kale mayi wa ana awiri, osati kamwana. Patsogolo pathu pamzere panali aneba athu, amene nawonso anali oimitsidwa kumpingo, kasitomala wamkulu wa amayi ena ophika kachasu. M'mawa umenewo anali asanalawe, choncho dzanja lawo linkagwira ntchito yake mokhulupirika. Anawalemba osachedwa.

Woyeza anali dokotala wamkazi wa kutauni, msinkhu wa chitsiriza wathu. Koma kwa ababa mlendo anali mlendo basi. Anavula chipewa, anawerama, n'kupereka moni mmene tinaleredwera: dzanja lamanja patsogolo, lamanzere litagwira mkonowo zolimba. Atakhala pabenchi sanausiye. Anaupanikiza pabondo, chifukwa kugwedezera mlendo dzanja kumaso n'chipongwe.

"Mumanjenjemera, agogo?" anafunsa dokotalayo.

"Pang'ono chabe, adokotala. Si zoti n'kuvutitsa nazo anthu."

"Nanga kuyenda, mumayenda bwino?"

"Si ndafika kuno, adokotala."

Anawapatsa cholembera kuti aone dzanjalo. Ababa anachilandira ndi manja awiri. Ndiye matendawa ali ndi nkhanza zake: dzanja likamalandira chinthu limayamba laleka, limadikira kuti mwini wake apume. Mzere unali wautali, achinyengo anali atamutopetsa kale mtsikanayo.

"Muli bwinobwino, agogo. Kapumeni."

Ine ndinali pomwepo, nditanyamula chipewa chawo. Kunali kungokoka dzanja lamanzerelo, basi, nkhani ikanathera pamenepo. Koma mwana wamkazi angawagwire bambo ake mkono pagulu? Ndinapinda mawondo, n'kunena kuti zikomo kwambiri. Zikomo wa chiyani? Mpaka lero ndikakumbuka mtima umandiwawa, ndimadzikwiyira ndekha.

Lamulungu lotsatira aneba athu anakaonetsa khadi lawo kumpingo. Akulu aja analiyang'ana uku ndi uku, anawapepesa kuti anawaganizira zoipa, n'kuwabwezera mgonero. Ababa anakhalabe pabenchi lakumbuyo mpaka tsiku limene tinawaika. Zimene akafukufuku anapeza m'magazi a aneba athu sitinamve.

Chimene sindiiwala ndi ulendo wobwerera tsiku lija. Titapitirira msika, pamene panalibenso wotiona, ababa anausiya mkono uja. Dzanja linayamba kugwedera kuposa masiku onse, ngati likubwezera nthawi imene analimanga. Ndinalephera kudzigwira.

"Ababa, bwanji simunawaonetse?"

Anayenda kaye pang'ono, mapazi akukhwekhwereza fumbi.

"Usadandaule, mwanawe," anatero. "Alendo aja akanena kwawo kuti kuno kuli anthu aulemu."