Makwini awiri amene ndinataya ku Govan

Ndinakulira m'nyumba momwe makhadi sankalowa. Bambo anga anali mkulu wa mpingo, ndipo ankati njuga inaonekera pansi pa mtanda, pomwe asilikali ankachita maere pa malaya a Ambuye. Ndiye nditayamba ntchito pa nyumba ina yosamalira okalamba ku Govan, kutsidya kwa nyanja, namwino wamkulu atandiuza kuti Lachiwiri ndi Lachisanu masana ndizikhala pa tebulo la makhadi, ndinafuna kukana. Koma sankabetcha ndalama. Ankabetcha mabatani a m'chitini cha mabisiketi, ndipo masewera akatha onse ankabwerera m'chitinimo. Komanso ndinene zoona, pa maola khumi ndi awiri a ntchito, imeneyo ndiyo inali nthawi yokha yokhala pansi. Miyendo inavomera mtima usanavomere.

Tinkakhala atatu. Panali mayi wina wa pa njinga ya olumala, amene kale ankaphika pa sukulu. Iwowa ndiwo ankagawa makhadi, ndiponso ndiwo anandiphunzitsa. Panalinso bambo wina amene moyo wawo wonse anawotcherera zitsulo za sitima zapamadzi chapafupi pomwepo. Matenda oiwala anali atawagwira. Tsiku lonse ankangokhala m'chipinda kuyang'ana khoma, ndipo chakudya ankachikankhira kumbali. Koma akamva chitini chikulira, ankavala jekete n'kutuluka. Masiku a makhadi okha ndiwo ankamaliza mbale yawo ya supu.

Masewerawo ndi poka, ya mtundu wokhala ndi malire. Aliyense amalandira makhadi awiri obisa. Pakati pa tebulo amayalapo asanu oonekera kwa onse: atatu poyamba, kenako limodzi, kenako lomaliza. Pa gawo lililonse mabatani obetcha ndi oikika, awiri kumayambiriro, anayi kumapeto, ndipo sungaponye ako onse kamodzi. Mnzako akabetcha, umaika ofanana, kapena umaonjeza, kapena umataya makhadi ako n'kumusiyira zonse. Kumapeto amapambana amene makhadi ake, kuphatikiza ndi a pa tebulo, aposa a anzake.

Bambowa sunkawadziwa poima. Pena ankaonjeza asanayang'ane n'komwe makhadi. Pena ankakhala duu ali ndi maesi awiri m'manja, makhadi aakulu kuposa onse. Ngati kunali kuchenjera kwa ku ntchito ya zitsulo kapena matenda aja, ndi Mulungu yekha ankadziwa.

Lachisanu lina m'nyengo yozizira, kunja kutada kale cha m'ma folo, ndinalandira makwini awiri. Pa tebulo panagwa naini, faifi ndi thuu. Makwini anga anali pamwamba pa zonsezo. Ndinabetcha, bambo aja anaonjeza, ndinaika ofanana. Khadi lachinayi linali sikisi. Anabetchanso, ndipo ndinaona kuti mabatani awo atsala ochepa. Kwathu munthu sulimbana ndi mkulu mpaka kumulanda za m'manja. Malemba nawonso amati aimvi tiziwagwadira. Ndinaika makhadi anga chafufumimba, n'kunena kuti ndagonja.

Iwo anatambasula dzanja n'kuwatembenuza. Anayang'ana makwiniwo nthawi yaitali, kenako anaonetsa awo: jeki ndi folo, zopanda kanthu.

"Dzina la mkazi wanga ndinaliiwala," anatero, "koma makwini awiri ndimawadziwa. Wandiyesa mwana."

Anadzuka n'kupita kuchipinda, mabatani n'kuwasiya pomwepo.

Lachiwiri sanatuluke. Lachisanu sanatulukenso. Ndinagwedeza chitini pakhomo pawo, anatembenukira kukhoma. Mbale ya supu inkabwerera ku khitchini ili yodzaza, ndipo ine ndemwe ndinkalemba pa pepala la chakudya kuti sanadye. Nditapita kukapepesa, anandifunsa kuti ndine ndani. Cholakwacho anali atachiiwala, koma kuwawa kwake kunatsala, ndipo sankalola kuti ndiwathandize ngakhale kuvala nsapato.

Mayi ogawa makhadi aja sanandinyengerere. Anati munthu wopemphera ngati ine amanama mwaulemu kwambiri moti amadzinamiza yekha. Anatinso ukamasewera ndi munthu wosadziwika poima ngati uja, makhadi abwino sutaya. M'masewera a malire sangakuwopseze ndi mulu waukulu, ndiye umangoika ofanana mpaka kumapeto n'kuona chomwe ali nacho. Ndinawayankha kuti kwathu timalemekeza akulu. Anati kuno aliyense amawalemekeza choncho bambowo: kuwadulira nyama, kuwavomera zilizonse, kuwaombera m'manja akamaliza tiyi. Pa tebulo paja pokha ndi pomwe ankakumana ndi munthu wofunadi kuwagonjetsa.

Ndinaziganizira m'basi popita ku Govanhill komwe ndinkakhala, mapazi akuwotcha, mvula ikutsetsereka pa zenera. Ndinali wotopa kwambiri moti pemphero linali la mawu ochepa. Chomwe chinandibwerera ndi chakuti muyeso wonyenga umamunyansa Mulungu. Ndinkaganiza kuti zimenezo n'za ogulitsa pa msika. Sindinadziwe kuti munthu ungapendeketse sikelo pofuna kuchita chifundo.

Patapita masabata awiri anatuluka okha. Mwina kuwawa kuja nako kunaiwalika. Anakhala pansi, anandiyang'ana ngati mlendo, n'kufunsa ngati ndimadziwa kusewera.

Pa ulendo wachitatu wogawa ndinapeza makingi awiri. Pa tebulo panagwa teni, seveni ndi firii. Ndinabetcha, anaonjeza. Zinali ngati ndikufuna kutukwana mkulu pagulu, komabe ndinaonjezanso. Anaseka pang'ono n'kuika ofanana. Khadi lachinayi linali thuu. Ndinabetcha anayi, iwo anaonjeza anayi ena osayang'ananso m'manja mwawo. Mwina anali ndi maseveni awiri, amene pamodzi ndi seveni wa pa tebulo akanaposa makingi anga, mwina analibe kanthu. Ndinaika ofanana. Lomaliza linali naini. Anakankha mabatani awo anayi otsiriza, ine ndinaika anga.

Anali ndi teni ndi jeki. Makingi anga anapambana.

"Wakuba iwe," anatero, nkhope itawala. "Ndiye akuti umapita kutchalitchi?"

"Ndimapita, bambo. Lamulungu lililonse."

"Ukawauze kuti walanda nkhalamba mabatani onse."

Anandikankhira muluwo, ndipo ndinaulandira ndi manja awiri, monga tinaphunzitsidwira kulandira chinthu kwa mkulu. Mayi aja anawabwereka mabatani khumi a m'chitini kuti masewera apitirire, akuwanena kuti zitsulo ankawotcherera bwino koma makhadi ayi.

Supu atabwera anamaliza, n'kupukuta mbale ndi buledi. Ndinalemba pa pepala kuti adya zonse. Kenako belu loitanira la chipinda cha kumapeto linalira, ndipo panali patatsala maola atatu kuti ndiweruke. Ndinatseka chitini, n'kudzuka pang'onopang'ono, dzanja lili pa tebulo.