Bishopu wa a Chitseko

Ku kalabu ya chesi ankawatchula a Chitseko, ndipo dzinalo sanawanamizire. Anali telala, mayi wa zaka makumi asanu ndi mphambu zitatu, wa kashopu kopanikizika pakati pa ometa tsitsi ndi okonza mafoni. Chesi anaiphunzira mochedwa, ana atakula n'kuchoka pakhomo, ndipo ankaisewera momwe ankasokera: msoko uliwonse kuubwereza kawiri, ulusi osausiya ukulendewera. Zida zonse ankaziunjika mozungulira mfumu yawo n'kukhala phee. Kuwagonjetsa kunali kovuta, koma kuti iwonso agonjetse munthu, aa, tisanamizane. Masewero awo ambiri ankathera pofanana mphamvu, winayo atayasamula mpaka nsagwada kuwawa.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," ankatero. Anzawo ankayankha kuti nkhonoyo inatopa kalekale, inabwerera kwawo.

Loweruka lina, m'chipinda chapamwamba pa laibulale momwe kalabu inkakumana, a Kaputeni, mphunzitsi wopuma ntchito, analengeza kuti timu yopita ku mpikisano wa makalabu ikhala ya anthu anayi. Atatu anali odziwika kale. Malo otsalawo ankalimbirana a Chitseko ndi dokotala wa mano amene analowa kalabu chaka chomwecho.

"Mukumana pakatha masabata atatu," anatero a Kaputeni. "Koma mayi, ndinene mosapsatira. Mukafanana mphamvu ndikutenga adokotala. Timu ikufuna munthu wopita kutsogolo."

Mawuwo anawapweteka kwabasi. Zaka zisanu ndi chimodzi akusesa chipindacho, kupukuta mabolodi, kusokera zida timatumba, lero malo awo apite kwa munthu wobwera dzulodzuloli? Anatsika masitepe osatsanzika, n'kulunjika kwa mlamu wawo, makaniko wa njinga zamoto, yemwe chesi ankaisewera mwaukali ngati munthu waberedwa.

"Alamu, mabuku sindikuwafuna. Ndipatseni chinthu chimodzi choti ndichigwire."

Makanikoyo anapukuta girisi m'manja n'kuwaonetsa kayambidwe ka mayendedwe asanu ndi awiri, omwewo tsiku lililonse. Msilikali wa patsogolo pa mfumukazi apite masitepe awiri, anzake awiri amuchirikize m'mbali, mahatchi onse atuluke, mfumu ibisale, bishopu aloze pakona pomwe mfumu ya mdani imakonda kukhala.

"Mukatero mukankhe msilikali wapakati, athamangitse hatchi yolondera mfumu yawo. Kenako bishopu uja mumuponye pa msilikali wapakona, adyedwe."

"Adyedwe? Dala?"

"Dala. Mfumu ikatuluka kudzamudya, hatchi yanu ndi mfumukazi zikuipeza ili pabwalo."

"Zamisala zimenezo!"

"Walira mvula walira matope, alamu."

Ku shopu anajambula bolodi ndi choko pa tebulo lodulira nsalu. Mabatani anakhala asilikali, timabobini ta ulusi zida zikuluzikulu. Mayendedwe asanu ndi awiriwo anawaloweza m'masiku awiri okha. Vuto linali bishopu. Mayi amene ankasunga tizidutswa ta nsalu m'matumba atatu pansi pa tebulo, ngakhale kachidutswa kosakwana kuphimba chala, akanataya bwanji bishopu wathunthu? Akafika pamenepo dzanja linkabwerera lokha, bishopu n'kupita kukabisala kumbuyo. Ankadzikwiyira, kufola mabatani, kuyambiranso.

Sabata yachiwiri mlamu uja anabwera ndi buluku loti alifupikitse, n'kuwapeza akubwezanso kabobini kumbuyo.

"Buluku langali mulidula?"

"Ndilidula."

"Osaopa?"

"Ndiope chiyani nditayeza?"

"Ndiye bishopuyonso muziyamba mwayeza."

A Chitseko anayika sizasi pansi. Chilankhulo chimenecho anachimva. Anakhalira limodzi pa tebulopo n'kupeza miyeso itatu: hatchi yolondera yachokadi? Hatchi yanga ili ndi polumphira posadyedwa? Njira ya mfumukazi ndi yotseguka? Kuyambira tsiku limenelo anasiya kumuona bishopu ngati wotayika. Akasoka diresi limodzi ankayeza masewero awiri, akasita siketi ankayezanso, mpaka makasitomala anazolowera kusuntha nsalu zawo kuti zisagwetse asilikali.

Tsiku la masewero a Chitseko anapeza zida zoyera. Anayenda mayendedwe awo aja mosathamanga, dokotala akuseweretsa cholembera ngati munthu wodikira basi. Anakankha msilikali wapakati, hatchi yolondera inathawa. Anayeza: woyamba, inde. Wachitatu, inde. Wachiwiri ayi, chifukwa bishopu wa dokotala anali atayang'ana pomwe hatchi yawo ikanatera. Anasuntha chida china mwakachetechete.

"Chitseko chatsekedwa," wina ananong'ona kumbuyo, ena n'kuseka chamumtima.

Dokotala naye anakhulupirira zomwezo. Anachotsa bishopu wake uja kukasaka msilikali kumbali ina. A Chitseko anayezanso, milomo ikugwedezeka ngati akuwerenga manambala pa tepi. Itatu yonse. Anali ndi mantha, mantha enieni, koma anamunyamula bishopu wawo n'kumuponya pa msilikali wapakona.

"Cheki."

Mfumu ya dokotala inali pangozi. Dokotala anayang'ana bolodi, kuyang'ana mayiwo, n'kumudya bishopuyo. Hatchi inalumpha, cheki. Mfumu inabwerera m'kachipinda kake, mfumukazi n'kufika pakhomo. Dokotala anagwira mutu mphindi khumi zathunthu, anayesa kutsekereza kanayi, kenako anagoneka mfumu yake povomera kugonja n'kutambasula dzanja.

A Kaputeni anatulutsa pepala la timu, cholembera chikuzengereza m'mwamba.

"Mayi, mpikisanowu ndi wa masiku atatu, kuyambira Lachisanu. Nanga shopu?"

Shopuyo inali isanatsekedwepo tsiku lantchito chiitsegulireni, ngakhale mwini wake atadwala. A Chitseko anapukuta thukuta m'manja.

"Makasitomala adikira. Lembani dzina langalo, ndipo mulilembe looneka."