Dengu la a Alefa Litsika Phiri Lopanda Kanthu

A Alefa anathyola tiyi pa esiteti kuyambira ali mtsikana mpaka imvi zitati mbuu, koma phiri la Mulanje ankangolidziwa kumapazi. Wothyola tiyi sadzutsa mutu. Maso amakhala pa masamba awiri ndi kansonga, dengu kumsana, ndipo ukangoti uwongoleko khosi, kapitawo wakuona kale. Ukaweruka, ulendo wa kusikelo, kumene kalaliki Pilato ankayeza dengu ngati akuyeza mwini wake.

Atauzidwa kuti apume pantchito ndipo m'nyumba ya kampani atulukemo mwezi ukatha, anthu ankayembekezera misozi. Iwo analengeza zina: asanasamukire kwa mwana wawo Bizwick ku Chonde, akwera phiri kukaona malo. Kukaona basi, monga amachitira alendo a zipewa zazikulu aja.

Kumalaini, kunyumba za antchito a pa esiteti, anthu anaseka chikhakhali. Kuno mkazi amakwera phiri kukatola nkhuni, mwamuna kukacheka matabwa kapena kusenzera mzungu chikwama. Wokwera popanda ntchito ndiye kuti mutu wayamba kuzungulira.

"Amayi, mukufuna mutichititse manyazi?" anatero Bizwick. "Ndi mawondo amenewa? Nanga mizimu ikakusungani kumeneko?"

"Iwe, ine ndapirira makapitawo moyo wanga wonse. Mizimuyo ikandiuza chiyani chachilendo?"

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. A Alefa anapita ku Chinakanaka kukasankha nsapato pakaunjika, nafunsa njira kwa anyamata olondolera alendo. Za ku Sapitwa sankazifuna, sanali opusa. Ankangofuna thanthwe lina panjira ya ku Lichenya, pamene akuti minda yonse ya tiyi imaoneka. Anawotcha chinangwa, nathira thobwa m'botolo. Ndipo poti msana unazolowera, zonsezi anaziponya m'dengu lawo lothyolera tiyi.

Loweruka m'mawa ananyamuka, Bizwick akung'ung'udza pambuyo. Polowera m'nkhalango mlonda anawaimitsa.

"Amayi, a nkhuni amadzera uko."

"Ine ndine mlendo, bambo. Ndabwera kudzaona."

"Mlendo wa dengu?"

"Chikwama changa ndi chimenechi. Tapatukani."

Mawondo anadandauladi, osanama. Ankakwera pang'ono, n'kukhala pansi, n'kutukwana mwala, n'kudzukanso. Koma dzuwa lili paliwombo anaima pathanthwe paja. Esiteti yonse imene inawadyera utsikana inangokhala ngati chitenje chobiriwira choyanikidwa pa udzu. Shedi ya sikelo anaifunafuna osaiona. Anakwiya kaye, kuti kanthu kochepa chonchi kawaweramitse zaka zonsezi, kenako anaseka mpaka misozi. Chinangwa anadya, thobwa anamwa, dengu linatsala lopanda kanthu.

Potsika, Bizwick anayamba kutola tinkhuni touma.

"Ponyanimo tiwiri tokha, amayi, anthu aziti munapita ku nkhuni. Mkazi satsika phiri chimanjamanja."

"Ukangoikamo ngakhale kachitsotso, ulendo wanga wafa," anayankha a Alefa, maso ali psuu. "Taya!"

Anataya.

Anafika pa esiteti othyola ali pamzere kusikelo. Njira yozemba inalipo, koma a Alefa analunjika pomwepo, anzawo akugwirana mapewa ndi kunong'onezana.

"Alendo athu afika!" anafuula Pilato. "Mwatitengera chiyani kuphiri, amayi?"

A Alefa anavula dengu, nalikoleka okha pa ngowe ya sikelo. Muvi unangogwedezeka pang'ono.

"Yezani, a kalaliki. Lero ndayendera maso anga, osati kampani."

Pamzere mayi wina anadzutsa mutu n'kuyang'ana kuphiri, mnzake naye chimodzimodzi. A Alefa analisiya dengulo likulendewera pomwepo, nalowera kumalaini akupendama ngati mwana wophunzira kuyenda, poti msana unali usanazolowere kukhala wopanda katundu.