Nyumba Imene Mawardi Anamanga ku Koto Lereng

Mawardi anachoka kwawo ku Balai Tangah ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, monga achokera mwana wamwamuna aliyense wa kumapiri kuno. Munda ndi wa mlongo wako, nyumba ndi ya mlongo wako, wako iwe ndi msewu. Mayi ake anamukulungira mpunga ndi nsomba zouma m'tsamba la nthochi. Mlongo wake wamkulu Baidar, amene ankamuitana mwaulemu kuti Uni, anamusokera kathumba ka nsalu, ndipo anakwera lole yonyamula kabichi yopita ku Jambi. Kumeneko anagulitsa zipeso ndi mapatapata m'mphepete mwa msewu. Ku Palembang anaphika m'nyumba yodyeramo anthu, ku Dumai anasenza matumba padoko. Patatha zaka khumi ndi zitatu anabwerako ndi sutikesi imodzi ndi dzino limodzi lagolide. Sanalemere, komanso sanachititse manyazi akwawo.

Abale a Rosnidar, a kutsidya kwa mtsinje ku Koto Lereng, ndiwo anabwera kudzamupempha kuti akwatire mwana wawoyo, ndipo tsiku laukwati anadzamutenga ndi ng'oma. Kuyambira pamenepo dzina loti Mawardi linatsala kwa mayi ake. Kuchikamwini aliyense ankangomuitana dzina laulemu loti Sutan.

Amuna ambiri akakwatira amakhala miyezi iwiri n'kunyamukanso. Iye sananyamuke. Anzake pokamwa khofi ankamuseka kuti wamangidwa mwendo ndi mpango wa mkazi, iye n'kumangoonetsa dzino lagolide lija. Zoona zake n'zakuti anali atatopa kugona m'makhonde a masitolo a eni, ndiponso Rosnidar anali mkazi woseka ndi thupi lonse, woti ukamuuza nkhani yopusa ankagwira chipupa kuti asagwe. Mawardi anagula kavalo wofiirira ndi ngolo ya mawilo awiri. Lolemba ndi Lachinayi ankanyamula amayi ndi madengu awo a tsabola ndi anyezi kupita nawo kumsika, masiku enawo ali m'matope a minda ya mpunga ya mkazi wake.

M'nyumba yaikulu ya banja la Rosnidar, ya denga losongoka mbali zonse ngati nyanga za njati, mwana wamkazi aliyense anali ndi kachipinda kake ndi mwamuna wake, zipupa zake zopyapyala ngati mphasa. Mawardi anapempha malo pambali pake, apongozi ake n'kumulozera pansi pa mtengo wa mango. Miyala anatuta yekha kumtsinje. Matabwa ankagula awiriawiri, malata limodzilimodzi. Nyumbayo inatenga zaka zisanu ndi zitatu, ndipo itatha anthu ankaima pamsewu kuyang'ana mawindo ake a galasi lobiriwira. Mwana amene anakula anali mmodzi, Afrizal. Panabadwanso wamkazi, koma anangokhala masiku atatu. Akanakula mwana ameneyo, nyumba ikanakhala yake, bambo ake n'kukalambira pakhonde pake.

Zaka zonsezo kwawo kutsidya denga linkadontha. Uni Baidar anatumiza mawu katatu kuti malume wa ana ake abwere adzaone mitengo yowola. Katatu konse Mawardi anayankha kuti abwera akakolola. Sanali munthu woipa mtima, kungoti manja anali awiri ndipo onse anali ku Koto Lereng. Mayi ake anamwalira nyengo ya mvula, mabeseni atandandalika kuzungulira mphasa yawo.

Rosnidar anadwala chotupa cha m'mimba Mawardi ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi ndi chimodzi. Anamunyamula pangolo kupita kuchipatala mpaka madokotala atanena kuti ndi bwino akapumire kunyumba. Anamwalira Lachisanu m'mawa. Afrizal anabwera kuchokera ku Pekanbaru komwe ankagwira ntchito, nakhala masiku asanu ndi awiri, nabwerera.

Mwambo wake ngwodziwika. Ikachitika sadaka ya masiku zana, akwawo a mwamuna wamasiye amabwera kudzamutenga mwaulemu, monga anadzatengedwera tsiku laukwati. Sadaka inachitika, mbale zinatsukidwa. Mawardi anavala malaya oyera n'kukhala pakhonde kuyang'ana njira yochokera kumlatho. Tsiku limenelo sikunabwere munthu, mawa lakenso ayi. Amayi opita kuchitsime anayamba kutsitsa mawu akamadutsa.

Patatha milungu itatu kunabwera Zainal, mlongo wake wa malemuyo, amene ankayang'anira mbumba ya nyumba yaikulu. Anakhala pansi, anayamikira khofi, anakamba za mvula ndi za mbewa zomwe zinkadula mpunga. Kenaka anatchula Yenti, mwana wa mng'ono wake wa Rosnidar.

"Yenti akwatiwa mwezi wa Haji ukatha. Mwamunayo ndi mphunzitsi. Nanga m'nyumba yaikulu muja si mukudziwamo, Sutan? Munthu akatsokomola chipinda chino, wa chipinda chachitatu ndiye amalavula."

"Ndamva, alamu."

"Sindinanene kanthu ine."

"Ndamva zomwe simunanenezo."

Zainal anazunguza kapu yake pambale. Sanali kusangalala nayo ntchitoyi. "Akwanu sanatumizebe mawu?"

Mawardi anayang'ana maziko a nyumba. Anati, "Miyala ya maziko awa ndinatuta ndekha. Ina ndinasenza pamsana kavalo atadwala."

"Palibe amakana. Koma nthaka yomwe yakhalapo miyalayo sanaitute munthu. Afrizal akabwera adzadya muno, ndi mwana wathu. Akanakhala wamkazi, bwenzi ine ndili kumunda pano."

Mawardi sanadikire mwezi wa Haji. Anakweza pangolo sutikesi ija, mphasa, khasu ndi chithunzi cha Rosnidar, nawoloka mlatho dzuwa lili paliwombo, kuti asaoneke ngati wothawa.

Anapeza mbali ya kum'mawa ya nyumba ya mayi ake itagwa, nyanga za denga zitaweramira pansi, maungu atayanga pamitengo yothyoka. M'zipinda ziwiri zotsalazo munkakhala Uni Baidar, mwana wake wamkazi, mkamwini wawo ndi ana anayi. Baidar anali pabwalo akupeta mpunga, ndipo sanaleke.

"Kodi alendo awa ngochokera kuti?"

"Ndine, Uni."

"Ndakuona kuti ndiwe. Maso ndikadali nawo, anatha ndi mano."

"Ndinakudikirani."

"Inenso ndinadikirapo munthu. Ankati abwera akakolola. Kaya mpunga wake unali wamtundu wanji wosacha zaka makumi awiri." Anauzira mankhusu. "Sindinabwere chifukwa ndinalibe poti ndikuike. Chinanso, sindinafune. Ana angawa anakula ngati opanda malume. Pamilandu ya malire a munda ndinkakaima ndekha pakati pa amuna, iwe ukupaka utoto mawindo a eni."

"Ndinalakwa, Uni."

"Kulakwa sikufolera nyumba. Khala pansi udye, poti ndiwe mwana wa mayi anga. Pogona ukudziwa komwe amagona amuna opanda akazi."

Ankanena kamzikiti kakale ka m'mphepete mwa dziwe la nsomba, komwe Mawardi ankagona ali mnyamata. Masiku amenewo munkadzaza phokoso. Tsopano munali mileme ndi mphasa zovunda. Anagonamo milungu iwiri, chifuwa n'kumuyamba. Kavalo analibe khola, ndipo amayi a kumsika anali atazolowera kale kukwera njinga zamoto. Anamugulitsa kwa munthu wa ku Batusangkar pamodzi ndi ngolo. Nyamayo ikutengedwa, iye analowa m'kamzikiti n'kuyang'ana kuchipupa mpaka ziboda zitasiya kumveka.

Anaganiza za mwana wake. M'mawa wina anakwera basi ya ku Pekanbaru. Munthu amene kale ankayenda masiku awiri ataimirira pamwamba pa kabichi anayamba kusanza basi itangolowa m'makhotolo a m'phiri, ndipo mayi wina wokhala naye pampando anamupaka mafuta onunkhira pamphumi ngati khanda. Anafika madzulo, natsika mumzinda wotentha wonunkha utsi. Anafunsira njira kanayi asanapeze nyumba yodyeramo anthu momwe Afrizal ankaperekera zakudya, mbale khumi ndi ziwiri zitasanjikizana pamkono umodzi.

Afrizal atawaona anatsala pang'ono kugwetsa zonse. Anawapsompsona dzanja, nawakhazika pakona, nawapatsa mpunga ndi nyama. Anamvetsera nkhani yonse mpaka kumapeto.

"Bambo, mukanalemba kalata."

"Ukanayankha chiyani?"

"Inenso ndili kuchikamwini. Nyumba ndi ya apongozi anga. Tili ndi chipinda chimodzi, ine, mkazi wanga ndi ana awiri. Ndikakulowetsani mmenemo, mawa msewu wonse udzati a ku Balai Tangah alibe pogoneka nkhalamba yawo."

"Adzakhala akunama?"

Afrizal anaweramitsa mutu. Anakachonderera mwini malowo, ndipo anavomera kuti nkhalambayo izitsuka mbale n'kumagona kumbuyo pamatumba a mpunga. Mawardi anavomera msanga. Ntchito ya mtundu uwu anali ataigwirapo ku Palembang, koma nthawi imeneyo manja anali asanayambe kunjenjemera. Tsiku lachinayi anaswa mbale ziwiri. Sabata yachitatu mulu wonse unamupulumuka nthawi ya chakudya chamasana, anthu atadzaza, ndipo ophika anayamba kumutchula kuti Chivomezi. Mwini malowo sanakalipe. Anangoitanira Afrizal pambali, ndipo Mawardi anaona mwana wake akugwedeza mutu, akupepesa, akugwedezanso mutu. Zimenezo zinamupweteka kuposa mawu onse a Baidar.

"Ndifuna kachipinda ka lendi, Bambo. Mundipatse miyezi itatu yokha."

"Uli ndi ana. Usachite zomwe ndinachita ine, kapena uchite, kaya. Ine sindikudziwanso kuti cholondola n'chiti. Ndiperekeze ku basi."

Atabwerera ku Balai Tangah sanapemphenso kanthu. Anakhala pamwala pafupi ndi nkhokwe ya mlongo wake, sutikesi ili pamiyendo, kuyambira masana mpaka nkhuku zitayamba kulowa. Baidar anadutsa pamenepo kasanu. Ulendo wachisanu ndi chimodzi anaima.

"Munda wa agogo wa kuphiri uja ukuukumbukira? Tinausiya chifukwa cha nguluwe. Pali kachisakasa. Ukafuna kakhale, udzale chinangwa, uziingitsa zilombozo. Mpunga ndizitumiza Lachisanu."

Unali ulendo wa ola lathunthu kukwera. Mawardi anafolera kachisakasako ndi masamba a kokonati, namanga zitini pachingwe kuzungulira munda. Chaka choyamba nguluwe zinadya theka, chachiwiri zinadya pang'ono. Lachisanu ankatsika kukapemphera, n'kutenga kathumba ka mpunga kamene kankasiyidwa pamasitepe, osalowa m'nyumba. Kuchokera kumtunda kuja Koto Lereng yense ankaoneka, ndipo iye anazolowera kukhala chofulatira.

Chaka chachitatu chifuwa chinakula, nayamba kulavula magazi. Atajomba Lachisanu kawiri, Baidar anakwera yekha ndi ndodo, akupuma pamwala uliwonse. Anamupeza atagona, moto utazima. Anakoleza, anaphika phala, namumwetsa ndi supuni uku akumutukwana kuti ngakhale kudwala amadwalira kutali kuti avutitse anthu.

"Uni, ndili ndi pempho limodzi."

"Unayamba liti kupempha limodzi?"

"Ndikafa mukandiike pambali pa Rosnidar."

Baidar anaika supuni pansi. "Manda aja ndi a mtundu wawo. Ukudziwa."

"Mukawapemphe. Malo ake ndi mikono inayi yokha."

"Ndikayende ine, nkhalamba, kukagwada kwa anthu amene anakutulutsa? Ndipo mayi ndikawauze kuti chiyani? Kuti wamoyo anakana kubwera, wakufanso wakana?"

Mawardi anatembenukira kuchipupa. Baidar anakhala naye mpaka dzuwa litapendeka, kenaka anatsika. Koma m'mawa mwake anthu anamuona akuwoloka mlatho, atavala mpango wake wa ku maukwati. Zainal anamulandira bwino, anaitanitsa akuluakulu a mtundu wawo, nakambirana mpaka masana. Yankho linali lakuti Sutan anali mkamwini wabwino, palibe angamunenere choipa, koma chiyambire m'manda awo simunagonepo mlendo, ndipo akayamba ndi iye sadzatha kukaniza ena.

Baidar anatuma mkamwini wake ndi amuna awiri kuti akamutsitse Mawardi pa machira. Anamugoneka pabalaza pa nyumba ya mayi ake, mbali yosadontha. Mawardi atafunsa za pempho lake lija, Baidar anati, "Akuganizirabe." Anafunsanso tsiku lachitatu, yankho n'kukhala lomwelo. Sanafunsenso. Anamwalira tsiku lachisanu ndi chimodzi m'bandakucha, ndipo anamuika masana omwewo kumanda a mtundu wake, kumiyendo kwa mayi ake.

Afrizal analandira uthenga nthawi yabwino, koma phiri linali litagumukira mumsewu, basi n'kuima tsiku lathunthu. Anafika dothi litayamba kuuma pamwamba. Anakhala masiku awiri okha, poti ndi omwe anapatsidwa kuntchito. Mwezi womwewo nguluwe zinalowa m'munda wa kuphiri n'kufukula chinangwa chonse. Baidar anafunafuna munthu wina woti akwere kukalonda, koma sanamupeze.