Kumishoni ndi Mateyu, Mwana Wosalankhula

Ndinanyamuka ku Muloza Lachitatu m'mamawa, chiperoni chikuwaza. Kumsana ndinabereka Mateyu, mwana wanga wachiwiri, amene anali ndi zaka ziwiri ndi theka koma asanatchulepo ngakhale "mama". Akafuna chinthu ankangoloza n'kung'ung'udza, pamene anzake obadwa nawo chaka chimodzi anali atayamba kale kukalipira nkhuku. Pamudzi aliyense ankati ndidikire, ana aamuna amachedwa. Ndinasiya kudikira tsiku limene Mateyu analunjika kumtsinje, ine ndikumuitana m'mbuyo mpaka mawu kusasa, iye osacheuka. Bambo wake sakanatha kujomba kufakitale ya tiyi, choncho ndinaphika chinangwa, n'kumanga mashilingi asanu pansonga ya nsalu, n'kuuyamba ndekha.

Basi imene ankati imadutsa seveni koloko inafika dzuwa litakwera ndithu. Kukafika kuboma inali shilingi imodzi ndi sikisi. Ndinalakwitsa chinthu chimodzi: mayi wina wogulitsa nthochi atandifunsa kumene ndikupita, ndinamuuza zoona. Posakhalitsa basi yonse inasanduka chipatala. Mayiyo anati vuto n'lakuti kunyumba timalankhula Chilomwe, kutchalitchi Chinyanja, ndiye mwana akudikira kuti tigwirizane kaye. Wina anati ndimumwetse madzi otsukira belu. Bambo wina wa jekete lobwera nalo ku Joni anati lilime ndi lomangika, ndipo amalume ake a ku Thuchila amadula ndi lezala, mawa lake mwana n'kuyamba kuimba. Popanda kundipempha analowetsa chala m'kamwa mwa Mateyu kuti aonetse anthu. Mateyu anamuluma. Sindinapepese.

Titangowoloka kamlatho kena injini inayamba kufuka. Tinatsika tonse, kondakitala akutunga madzi ndi chitini, ife titaima m'matope m'mphepete mwa munda wa tiyi. Kenako anatiuza tikankhe. Ndinakankha basi imene ndinailipira, mwana ali kumsana, ndipo tinafika masana atapitirira.

Pakachipatala kamene ndinayambira ndinakhala pamzere mpaka chinangwa chinatha. Dresala, munthu wotopa, anafunsa ngati mwana watentha thupi, ngati akutsegula m'mimba, ngati akutsokomola. Zonse ndinakana.

"Nanga mwabwera ndi chiyani, mayi?"

"Salankhula, bambo."

"Anzanu akudandaula ana olira usiku wonse, inu mukudandaula mwana wachete?"

Anthu pamzere anaseka. Dresalayo anandipatsa timapiritsi tiwiri ta mutu, sindikudziwa ngati tinali ta mwana kapena tanga. Panja ndinakhala pansi pa mtengo. Mayi wina amene ankasesa pabwalopo anasendera pafupi n'kundiuza kuti kumishoni kuli namwino wachikulire, a Namasala, amene amayang'ana ana m'makutu. Anati si patali. Anthu a kwathu akati si patali, mangani bwino nsalu. Ndinayenda maola awiri, phiri lili kudzanja langa lamanja, litabisala m'mitambo.

Nditafika anandiuza kuti a Namasala apita kumudzi kukabereketsa, ndibwere mawa. Ndibwere kuchokera kuti? Ndinagona m'khumbi la odikirira odwala, pamphasa ya mayi wina wachifundo amene anatigawiranso mbatata.

M'mawa ndinawapeza. Anali mayi wamfupi, wosamwetulira wamba, koma anali woyamba kundilola kumaliza nkhani yanga. Anamukhazika Mateyu pamphasa, n'kumupatsa kabotolo kopanda kanthu kuti azisewera nako. Kenako anazungulira kumbuyo kwake n'kugogoda kapu ndi supuni chakumanja. Mwana sanagwedezeke. Mtima wanga unagwa. Anagogoda chakumanzere, mwamphamvu pang'ono, ndipo Mateyu anacheuka mwaulesi. Atamuunika ndi tochi anati makutu onse awiri ali ndi mafinya akale, mwana amamva ngati munthu amene wamira m'madzi, koma si gonthi. Anafunsanso ngati wina wakhudza lilime lake. Nditawauza za lezala ya ku Thuchila anati wina aliyense asayerekeze kumudula.

Pomutsuka m'makutumo Mateyu anakuwa mpaka odwala a m'chipinda china anasuzumira. A Namasala anandipatsa kabotolo ka mankhwala odonthezera m'makutu. Ine ndinayamba kumanga nsalu, poganiza kuti tatha, koma anandikhazikanso pansi n'kufunsa kumene mwanayu amakhala tsiku lonse. Ndinati kumsana kwanga, ndikamalima, ndikamasinja, ndikamapita kumadzi.

"Ndiye kuti akudziwa nkhongo yanu kuposa pakamwa panu," anatero. "Mankhwalawa atsegula makutu, koma mulibe mawu m'botolomu. Muzimutsitsa, akhale moyang'anana nanu. Akaloza madzi, nenani kuti madzi, akuona milomo yanu, ndipo mudikire pang'ono musanamupatse. Chilomwe kaya Chinyanja, zonse n'zabwino. Mubwerenso mwezi ukatha."

Ndinapsa mtima, sindibisa. Masiku awiri panjira, kukankha basi, kusekedwa pamzere, kuti andiuze kuti ndizilankhula ndi mwana wanga? Ndinawafunsa kuti nthawi yokhala pansi n'kumacheza ndi khanda ndiipeza kuti, kapena khasu lizilima lokha. Iwo sanakwiye. Anati pomusambitsa ndi pomudyetsa ndimakhala ndakhala kale pansi, ndiyambire pamenepo.

Pobwerera basi sindinaidikire. Lole ya esiteti yonyamula nkhuni inaima, dalaivala n'kulandira shilingi. Pamwamba pa nkhunizo ndinamumasula Mateyu n'kumukhazika pamiyendo, nkhope yake kwa ine. Manyazi anandigwira, koma ndinayamba. Mbuzi. Njinga. Mtengo. Mbuzi inanso. Mwamuna wina amene tinakwera naye anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anafunsa mwaulemu ngati wodwala anali mwanayo kapena ine. Mateyu anayang'anitsitsa pakamwa panga, n'kugwira milomo yanga ndi zala zake zozizira, kenako anagona. Sananene kanthu.

Tinafika ku Muloza dzuwa likupendeka. Bambo wake anatembenuza kabotolo kaja uku ndi uku n'kufunsa ngati ndi zokhazi. Ndinati ayi, mankhwala enawo ndi bambowo: akaweruka kufakitale azikhala pansi n'kumamuuza mwana mayina a zinthu. Anaganiza kuti ndikuseka. Sindinali kuseka, ndipo pofika Lamulungu anali atagwada pakhonde akubwereza mawu oti "nsapato" kwa munthu amene analibe nazo ntchito.

Ulendowu unandiphunzitsa kuti mayi akaona kuti china chake sichili bwino, asamawerenge anthu amene akumuuza kuti adikire. Ndikanamvera, makutu aja akanaola. Panapita milungu isanu ndi iwiri tikulankhula tokha ngati amisala. Tsiku lina m'mawa ndinatenga kabotolo kuti ndimudonthezere monga mwa masiku onse. Mateyu anatseka makutu ndi manja onse awiri, anandiyang'ana m'maso, n'kunena momveka bwino kuti, "Toto."

Ndinalira, ndinamupsompsona, kenako ndinamupana pamiyendo n'kumudonthezera ndithu.