Botolo la Kuseri kwa Chitseko

Ndimagwira ntchito yoona za ana ku Chipata. Amake Tisa a ku Nabvutika tinawachotsera ana chifukwa cha kachasu, n'kukawasiya kwa azakhali awo ku Madzimoyo. Atanena kuti mowa asiya, ndinapita kukawayendera. Atatuluka kukanditengera mpando, ndinaona botolo kuseri kwa chitseko. Ndinalitsegula msangamsanga n'kumwako pang'ono.

Anandipeza lili kukamwa.

"Amayi, amenewo ndi madzi odalitsa a kutchalitchi."

"Ludzu, amake Tisa," ndinanama, madzi akutsika pachibwano.

Anaseka mpaka misozi. "Nunkhizani nyumba yonse, simupeza kanthu."

Sindinapezedi kanthu. Manyazi ndikadali nawo, koma ana aja ndinawabweza ndekha kwa amayi awo, ndipo chaka chino Tisa wayamba sekondale akugona kwawo.